Nyimbo zopanda mawu: kodi kuno ku Mchinji ndili ndekha?

Wometa_Kamwendo:
Abale ndabwera ndi dandaulo komanso funso. Ine ndimameta pa Kamwendo apa, ena mumandidziwa. Dzulo masana kunalibe anthu ambiri ndiye ndinati ndiike chimbale chomwe chandigwira mtima mwezi uno, The Snow Goose cha anyamata a Camel a ku England, chinatuluka 1975, mulibe liwu ngakhale limodzi loti ungalembe papepala, ndi gitala, chitoliro, makiyibodi, besi ndi ng'oma. Ndili mkati mometa bambo ena ogula soya, patha mphindi ngati zisanu, akundiyang'ana pagalasi nkumati "aise, nyimbo yakoyi iyamba nthawi yanji?" Ine ndikuti madala yayamba kalekale. Iwo ayi, awa akungochuna zida, taika nyimbo yeniyeni. Anyamata awiri amene amadikira pa benchi nawonso kuvomereza, wina mpaka kunena kuti ndi zija zimalira m'mafilimu munthu akatsala pang'ono kuphedwa. Ndinasintha poti kasitomala sitikangana naye, koma mtima unandiwawa chifukwa pomwe amanenapo ndi pamene gitala imalowa pambuyo pa chitoliro, malo amene ine thupi limachita tsembwe nthawi zonse. Ndiye funso langa ndi ili, alipo ena m'gulu muno amene amamvera zoterezi, zija amati progressive rock kapena psychedelic, makamaka zopanda mawu? Anthu akakufunsani mumawayankha chani? Komanso ndiuzeniko zimbale zina zoti ndisake, bandulo ndi yodula sindingamangotsitsa chilichonse.

NaPhiri_waLudzi:
Achimwene musakwiye koma ine ndili mbali ya bambo a soyawo. Nyimbo ndi uthenga. Ukamvera umafuna utolepo kanthu, kaya malangizo kaya chitonthozo kaya pemphero. Nanga zing'wenyeng'wenye zokhazokha mphindi 40 munthu utolapo chani? Ndiwo zopanda nsima zimenezo.

Kabaza_paBoma:
Nsima yopanda ndiwo asisi, osati ndiwo zopanda nsima kkkk

NaPhiri_waLudzi:
Zonse ziwiri sukhuta nazo.

Dalaivala_M12:
Simuli nokha akulu. Ine ndimayendetsa lole, Lilongwe Chipata Lilongwe Chipata, ndipo usiku ndikangodutsa Namitete msewu uli zii ndimaika Ozric Tentacles. Nyimbo za mawu zimandiodzeretsa chifukwa ndimadziwa kale chomwe chikubwera, vesi kolasi vesi kolasi, pomwe izi sudziwa kuti zikhotera kuti ndiye mutu umakhala maso. Anyamatawa anayamba 1983 ku England ndipo zaka zoyambazo amangogulitsa makaseti m'mafestivo, chimodzimodzi oimba athu amene amayenda ndi katoni ya ma CD pamsika. Sakani Erpland cha 1990 kapena Jurassic Shift cha 1993. Mwina mwake besi imayenda ngati ya reggae ndiye anyamata a pa benchi anuwo akhoza kugwa nazo msanga kuposa Camel.

Mphunzitsi_Wopuma:
Mwana wanga wometa, wandikumbutsa kutali. Ine zinthuzi ndinazimva koyamba ndili ku sekondale m'zaka za m'ma 1970. Kunali mphunzitsi wina wochokera kunja amene anali ndi galamafoni kunyumba kwake, Loweruka masana amatiitana anyamata angapo. Tsiku loyamba ifenso tinafunsa funso lomwelo la bambo a soya. Iye sanatiyankhe, anangotembenuza mbale.

Choyamba mudziwe chifukwa chake nyimbozi zimatalika chonchi. Mbale yaikulu yakuda ija imazungulira ka 33 ndi pang'ono pa mphindi imodzi, ndipo mbali imodzi mumalowa mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono. Oimba ambiri mbali imeneyo amaiduladula kukhala nyimbo zisanu kapena zisanu ndi imodzi zoti a wailesi aziulutsa. Ndiye chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anyamata ena ku England ndi ku Germany anati bwanji mbali yonseyo ikhale nyimbo imodzi, yokhala ndi zigawo zake, monga amachitira a nyimbo za okhesitira. Pink Floyd mu 1970 anatulutsa Atom Heart Mother, mbali yoyamba yonse ndi nyimbo imodzi ya mphindi 23, muli malipenga ndi kwaya koma kwayayo sitchula mawu omveka, pakhosi pa munthu pakugwira ntchito ngati chida. Mu 1973 kunatuluka Tubular Bells cha Mike Oldfield, amene anachijambula ali ndi zaka 19 zokha. Zida zambiri anaimba yekha, kujambula chimodzi kenako kusanjikiza china pamwamba pake, ndipo chinali chimbale choyamba chimene kampani ya Virgin inatulutsa. Chakumapeto kwa mbali yoyamba kumabwera munthu amene amangotchula dzina la chida, chidacho nkulowa, atchula china, nacho nkulowa, mpaka kufika pa mabelu aja. Kwa munthu wongoyamba kumene pamenepo ndi sukulu yabwino, chifukwa umamva ndi makutu ako khoma likukwera njerwa imodzi imodzi.

Anthu akandifunsa kuti iyamba liti sinditsutsana nawo. Ndimangowapempha kuti asankhe chida chimodzi, achitsatire monga umatsatira mnzako pa tsiku la msika kuti asakutayike.

Wometa_Kamwendo:
Zikomo kwambiri aphunzitsi, izi za mbali ya mbale sindimazidziwa. Ndimadabwa kuti bwanji zambiri zimathera pa 20 yakuti.

Mlimi_waSoya:
Tisanamizane apa. Chamba chimenechi ndi cha anthu a chamba. Dzina lomwelo psychedelic likunena za mankhwala ozunguza bongo, fufuzani. Ndipo bambo ometedwawo sindine ayi musandiganizire.

Gitala_Magawa:
A Mlimi pa dzinalo simunaname ndipo palibe chifukwa chobisira. Cha m'ma 1966 ndi 1967 ku San Francisco ndi ku London achinyamata ambiri amamwa mankhwala otchedwa LSD, ndipo oimba amayesa kuti zida zilire ngati mmene mutu umamvera munthu akamwa zimenezo. Zinawapwetekanso ena, Syd Barrett amene anayambitsa nawo Pink Floyd anachoka m'gulu 1968 mutu utasokonekera ndipo ambiri amaloza mankhwala omwewo. Koma kulira kwa zidako sikuchokera mu ndudu, kumachokera m'timabokosi toponda ndi phazi. Kena amati fuzz, kamaphwanya mawu a gitala kuti azimveka okhakhala ngati sipika yong'ambika. Kena wah, ukaponda ndi kutukula gitala imachita ngati mwana akulira. Palinso eko, ukakhudza nsambo kamodzi imabwerera katatu kanayi ikuzimirira ngati waitana munthu kuphiri. Limba la Hammond amalilumikiza ku sipika ya Leslie imene mkati mwake muli chinthu chozungulira, ndiye mawu amachita ngati akukuzungulira mutu. Ine ndimaimba gitala ku tchalitchi, sindisuta sindimwa, ndipo ndikuuzeni kuti munthu woledzera sangaimbe zimenezi. Zambiri sizimawerengedwa 1 2 3 4 ngati tinazolowera, zina umawerenga mpaka 7, zina 5, wa ng'oma ndi wa besi akangosemphana kamodzi basi zonse zagwa. Ine ndinakhala sabata ziwiri pa kachigawo ka 7 chala mpaka kutuluka matuza.

Mlimi_waSoya:
Chabwino koma ine mwana wanga ndikampeza watseka maso ali phee ndi mahedifoni theka la ola ndiyamba kumufunsa mafunso.

Gitala_Magawa:
Mufunseni ndithu, mwina akupatsani khutu limodzi mumve nawo.

Mwami_Border:
Mukungotchula England England ngati kuno kulibe. Dutsani pa Mwami apa mufunse madala aliyense wa ku Chipata za Zamrock muone mmene nkhope iwalire. M'zaka za m'ma 1970 Zambia inali ndi magulu a rock oopsa, WITCH ya Jagari Chanda, Amanaz, Ngozi Family ya Paul Ngozi, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga. Fuzz imene a Gitala akunenayo anyamata a ku Copperbelt amaiponda mopanda chisoni. Boma la Kaunda linalamula kuti nyimbo zambiri pa wailesi zizikhala za m'dziko momwemo ndiye magulu anaphuka ngati bowa, m'migodi munali ndalama anthu amagula mbale. Lazy Bones cha WITCH ndi Africa cha Amanaz zonse ndi za 1975, chaka chimodzimodzi ndi chimbale chanu cha Camel a Wometa. Kenako mtengo wa kopa unagwa, ndalama zinasowa, matenda a Edzi anatenga oimba ambiri m'zaka za m'ma 1980, zinthu nkuzima. Koma Jagari alipo, azungu anazifukulanso mbale zija nkuzitulutsa kachiwiri, WITCH inadzukanso ndipo 2023 anatulutsa Zango. Bambo anga malemu amatsegula wailesi ya Zambia kuno ku Mchinji imamveka bwino kuposa yathu masiku amenewo, ndiye ife tinakula nazo osadziwa kuti zili ndi dzina.

Erpland_Waliranji:
Akulu a Border ulemu wanu koma mwasakaniza. Zamrock ili ndi mawu, Chingerezi Chinyanja Chibemba, ndipo nyimbo zake zambiri ndi zazifupi mphindi zitatu zinayi. Psychedelic inde, koma progressive ayi, zopanda mawu ayi. Funso la a Wometa linali lina.

Mwami_Border:
Nde mukufuna munthu adumphe kuchoka pa nyimbo za pa ukwati kufika pa mphindi 23 za limba? Mlatho umafunika. Amanaz imalowa bwino khutu la kwathu, ukazolowera kuti woimba akhoza kukhala chete gitala nkumalankhula yokha, kwinako sikuvutanso.

Erpland_Waliranji:
Pamenepo ndavomera. Ngati mlatho, eya.

MaiGeni_Kapiri:
A Border poti mwapezeka, kwacha ya Zambia ikusinthidwa bwanji sabata ino? Ndikufuna ndikapikule zitenje Lachisanu.

Mwami_Border:
Ikusinthasintha mayi, m'mawa ina madzulo ina. Ndikuuzani ku inibokosi Lachinayi. Koma musasinthe kwa anyamata oyamba kukuthamangirani mukangotsika, ndipo muwerenge nokha kawiri asanachoke.

Mlimi_waSoya:
Kuberedwa kuli ponseponse. Ine chaka chino vendala wina thumba lomwe kunyumba ndinayeza bwinobwino pa sikelo yake linachepa, nditati tiyeze mwala wanga womwe ndimaudziwa kulemera kwake anakana. Alimi tikulira.

Kabaza_paBoma:
Mwina ndi bambo omwe aja anametedwa pa Kamwendo

Wometa_Kamwendo:
Ayi ayi tisawaipitsire mbiri, ndi munthu wabwino amalipira osanenerera. Tabwererani ku nyimbo abale, za soya zili ndi gulu lake.

Mbalule_Mkanda:
Ndakhala ndikuwerenga chete koma mawu a NaPhiri akuti zida zokha sutolapo kanthu andikhudza. Ine ndimaimba ng'oma, ndinaphunzira kwa amalume anga. Za kudambwe sitinena pano, ndinena zomwe aliyense amaona pabwalo. Gule asanatuluke timayamba tawamba ng'oma pamoto wa udzu, ukuiyandikiza, ukuigogoda ndi chala, ukuibwezanso pamoto mpaka chikopa chikokeke, ina timaimata phula pakati kuti mawu atsike. Mlendo akhoza kunena ngati bambo a soya aja kuti awa akungochuna. Koma anthu a m'mudzi akangomva kugogoda kumeneko ali kudimba amadziwa kale kuti lero kuli chani ndipo miyendo imayamba yokha. Ndiye zikayamba, mpanje umagwira pansi osasuntha, zina zikudutsana pamwamba pake, mbalule ndiye imalankhula ndi wovina. Ndikamenya mwakuti amadziwa kuti atembenuke, ndikadula amaima, akapalasa fumbi ine ndimamuyankha. Palibe amene watchula liwu koma takambirana. Mwana wa mlongo wanga anandimveretsa zina mwa nyimbo mukunenazi pa foni, za ku Germany gulu lake Neu, wa ng'oma amangomenya kumodzimodzi osasintha mphindi khumi zinazo zikubwera ndi kupita pamwamba. Ine sindinadabwe nazo, ndinangoti uyu wagwira ntchito ya mpanje.

NaPhiri_waLudzi:
Ambuye ndakumvani koma pabwalo pamakhalanso amayi akuimba ndi kuomba m'manja, ndipo nyimbo zake zimakhala ndi mwambo. Chimtali chimodzimodzi. Ng'oma sizikhala zokha.

Mbalule_Mkanda:
Zoona mayi, sindikana. Koma tayesani tsiku lina amayi aimbe ng'oma zitakhala chete muone ngati gule avine. Ndipo nyimbo ya amayi imakhala mizere iwiri yobwerezabwereza, chimene chimasintha nthawi yonseyo ndi ng'oma. Makutu anu amazitsatira kale, kungoti simunaziganizirepo.

Erpland_Waliranji:
A Mbalule mwanena zomwe ndakhala ndikulephera kufotokoza zaka zonsezi. Ndipo azungu omwewo amabwera kudzatapa kuno. King Crimson, chimbale chawo cha 1973 Larks' Tongues in Aspic, chimayamba ndi kalimba, kalimba weniweni ngati wa agogo, akulira pang'onopang'ono pafupifupi mphindi zitatu kenako vayolini kenako gitala imagwa ngati denga lakugwera. Nyimbo zitatu m'menemo zili ndi mawu koma yoyamba ndi ziwiri zomaliza zilibe, ndipo ina mwa izo dzina lake The Talking Drum, ndiye kuti ng'oma yolankhula. Chenjezo lokha a Wometa, chimenechi musaike mukumeta munthu, pamene gitala imalowapo mukhoza kumudula khutu. Komanso musatsitse voliyumu kapena kukweza pakati, anachipanga dala kuti pena pakhale pansi kwambiri pena paphokoso.

Gitala_Magawa:
Ndipo tisaiwale kuti kwathu kuno gitala yolankhula yokha tinali nayo. Daniel Kachamba wa ku Chileka ku Blantyre pa gitala imodzi amatulutsa besi, kayendedwe ndi nyimbo yake nthawi imodzi, ukamvera osaona umayesa ndi anthu awiri kapena atatu. Amene amati zida zokha ndi zachizungu akamumvere kaye.

Chinanso chomwe chimapha nyimbozi kuno ndi mmene timamverera. Anthu awiri kugawana mahedifoni, wina khutu ili wina khutu ilo. Pa nyimbo zathu zambiri sizivuta, koma zimbale izi anazijambula kuti kumanzere kukhale zina kumanja zina, gitala imatha kuyambira khutu ili nkuwolokera linalo. Ukagawana ndiye kuti aliyense wamva theka. Ine kwa chaka chathunthu ndimamvera chimbale china ndi mahedifoni a pamsika omwe mbali imodzi inali itafa, tsiku lomwe ndinabwereka abwino kwa msuweni wanga ndinapeza kuti muli limba lomwe sindinalimvepo chiyambire, ndinakhala pansi pakhonde mpaka nsima kuzizira. Kasipika ka foni nakonso kamadya besi yonse. Ndipo anyamata oika nyimbo m'mamemori khadi amakonda kuzifinya kuti zilowe zambiri, pa nyimbo zotere timawu tonse tating'onoting'ono timafa.

Kabaza_paBoma:
Inu mukuti amugaireko khutu limodzi mlimi uja, pano mukuti kugawana nkolakwika

Gitala_Magawa:
Mwandigwira. Amupatse onse awiri.

Mtumiki_Tembwe:
Ine nkhawa yanga ndi ya uzimu. Ndamva kuti Tubular Bells imene aphunzitsi akuyamikirayo ndi nyimbo ya filimu ya ziwanda. Nyimbo ya mawu umadziwa chomwe ukuvomereza, nanga yopanda mawu udziwa bwanji chomwe chikulowa mumtima mwako? Zithunzi za pa zikuto zakenso zina sizioneka bwino.

Mphunzitsi_Wopuma:
A Mtumiki funso lanu ndi loyenera ndipo ndiyankha mwaulemu. Ndi zoona kuti kachigawo koyambirira ka piyano kanagwiritsidwa ntchito mu filimu ya The Exorcist. Koma chimbale chinatuluka mwezi wa May 1973, filimu inatuluka December chaka chomwecho. Mnyamatayo sanapekere filimu, eni filimu ndi amene anakatenga kachidutswa kakang'ono pa chinthu chomwe chinalipo kale. Zikuto zambiri za nthawi imeneyo ndi zojambula za maloto chabe, Roger Dean amene amajambulira gulu la Yes ndi yemwenso anajambulira Osibisa, gulu la anyamata a ku Ghana ndi ku Caribbean, njovu zouluka zija. Za mtima, ine ndinganene zomwe ndaona pa ine ndekha. Nyimbo yopanda mawu siikuuza choti uganize, imakusiya ndi zomwe unali nazo kale. Ku tchalitchi nthawi ya mgonero limba likamalira lokha anthu ali chete, simunayambe mwadandaula kuti mawu ali kuti.

Mtumiki_Tembwe:
Za limba la mgonero ndazimva. Komabe ine ndikhala kaye patali, aliyense ndi chikumbumtima chake.

Mphunzitsi_Wopuma:
Palibe cholakwika pamenepo.

AnaBanda_Nkhwazi:
Sindimalemba kawirikawiri muno koma iyi ndilembe. Chaka chatha tinataya mayi athu nthawi yokolola. Maliro atatha anthu atabalalika mtedza unali ukadali pa mulu kumunda, wofunika kuthothola, ndipo ntchito imeneyo timagwira ndi mayiwo chaka ndi chaka. Ndimapita ndekha m'mawa ndi kawailesi koma nyimbo iliyonse imandilasa, ya chikondi imandiliza, ya uzimu imandikumbutsa tsiku loika, ngakhale mawu oti pepani ndinali nditatopa nawo chifukwa ndinawamva sabata yathunthu. Kukhala chete nakonso kumandiopsa. Mchimwene wanga wamng'ono amene ali ku koleji ku Lilongwe anandisiyira memori khadi nkuti mlongo muzimvera izi, mulibe amene akulankhulani. Munali Phaedra cha Tangerine Dream, cha 1974, ndi zina za Khruangbin a ku Texas. Tsiku loyamba ndinaona ngati foni yawonongeka, phokoso lake ngati madzi akubwatamuka mu mphika. Koma manja ali pa mtedza, dzuwa likukwera, ndinapezeka kuti ndathothola dengu lonse osalira komanso osathawa kuwaganizira mayi. Ndimawaganizira bwinobwino, mmene amakhalira atatambalala miyendo chitenje chili m'mutu, koma panalibe mawu ondikankha. Mulu wonse ndinaumaliza ndi nyimbo zimenezo. Ndiye NaPhiri mukati sutolapo kanthu, ine sindinatole uthenga ayi, koma zinandipatsa malo opumira.

NaPhiri_waLudzi:
Pepani asisi, ndipo ndaona kuti mawu omwewo ndi amene munatopa nawo. Mulungu akutonthozeni. Sindinaganizeko mbali imeneyo.

Dalaivala_M12:
Anabanda mwandiliza ndili pa sikelo ya malole. Limbani mtima.

Erpland_Waliranji:
Phokoso la madzi obwatamuka lija ndi makina a Moog, ali ndi kachipangizo kobwereza manotsi okhaokha mozungulira munthu nkumangopotokola mabatani kuti mawu azisintha. Ndipo zija zimamveka ngati kwaya ya kutali kapena mavayolini ndi Mellotron, kiyibodi yomwe pansi pa batani lililonse pali kachidutswa ka tepi ngati ya kaseti, ukadina imalira masekondi 8 okha nkutha, ndiye woimba amayenera kumasinthasintha zala. Nchifukwa chake imamveka yonjenjemera ngati chinthu chamoyo.

NaPhiri_waLudzi:
A Wometa nditumizireni dzina la chimbale chanu chija molemba bwino. Ndiyesa usiku uno ana akagona. Sindikulonjeza kanthu.

Wometa_Kamwendo:
Camel, The Snow Goose. Mahedifoni onse awiri asisi, ndipo musadumphe, tinyimbo take ndi tolumikizana.

MaiGeni_Kapiri:
A Border musaiwale Lachinayi

NaPhiri_waLudzi:
Ndabwera ndi lipoti. Ndinamvera dzulo magetsi atathima, ndili pa mphasa. Poyamba ndinatsala pang'ono kutseka chifukwa kumayamba pansi kwambiri ngati kulibe kanthu. Kenako chitoliro chija chinandigwira, chikumveka ngati munthu woyenda yekha koma wosadandaula. Ndinachita zomwe aphunzitsi ananena, kutsatira chida chimodzi, koma chimandithawa nkupezeka ndikutsatira gitala. Chomwe ndikufuna kufunsa, chakumapeto kuli malo ena kayimbidwe kamodzi kamangobwerezedwa kakukwera kakukwera, ng'oma ngati anthu akuguba, mtima unayamba kuthamanga ngati kukubwera zoopsa, ndipo zitatha kunabwera kachigawo kozizira ngati pa maliro. Kenako nyimbo ya poyamba ija inabwereranso koma siimamvekanso chimodzimodzi. Kodi kumeneko kunachitika chani? Alipo anamwalira?

Mphunzitsi_Wopuma:
Mayi, mwamva bwino kwambiri. Chimbalecho anachipeka potsatira kabuku ka Paul Gallico. Ndi nkhani ya munthu wolumala wokhala yekha m'mphepete mwa nyanja ku England, ndi kamtsikana komwe kanamubweretsera tsekwe woyera wovulala kuti amuchize. Nkhondo yachiwiri itafika, mu 1940, asilikali a Britain anapanikizidwa pa gombe la Dunkirk ku France ndipo anthu wamba anapita ndi timaboti tawo kukawapulumutsa. Munthu uja naye anapita ndi kaboti kake, anapulumutsa ambiri, iye osabwerako. Chigawo chomwe mtima unathamangacho dzina lake ndi Dunkirk. Inu simunawerenge bukulo, palibe anakuuzani, koma mwafunsa ngati alipo anamwalira.

Wometa_Kamwendo:
Eeeh. Ine mwezi wonse ndakhala ndikumvera osadziwa nkhani imeneyi. Ndimangodziwa kuti pamenepo ndimasiya kulankhula.

NaPhiri_waLudzi:
Thupi langa lachita tsembwe powerenga. Koma musaganize kuti mwandigonjetsa, ndikanakondabe pamapeto paja pakanakhala ngakhale vesi imodzi yoti munthu uziimba ukutsuka mbale. Lero m'mawa ndimafuna kuing'ung'udza ndiye ndimangoti laa laa mwana nkumandiyang'ana.

Mbalule_Mkanda:
Ngati mwaing'ung'udza ndiye kuti yalowa mayi.

Mlimi_waSoya:
Inetu sindinasinthe maganizo. Koma ya Zambia ija ya Amanaz ndaimvera, imeneyo ndi nyimbo.

Mwami_Border:
Mlatho uja a Erpland mwauona?

Wometa_Kamwendo:
Abale ndaganiza chonchi. Lamulungu masana ndimatseka 2 koloko. Amene ali pafupi bwerani ku shopu, benchi ilipo ya anthu sikisi ena mukhala pa zidebe. Timvera chimbale chimodzi chathunthu mafoni ali m'thumba, tikamaliza ndiye tizikambirana. Vuto sipika yanga ndi imodzi ndipo a Gitala anena kale za kumanzere ndi kumanja.

Gitala_Magawa:
Ndibweretsa awiri anga ndi ampu, wina apezeke ndi batire kuchitira magetsi. Tiyambe ndi Tubular Bells mbali yoyamba yokha, mphindi 25, kuti obwera koyamba asathawe.

Erpland_Waliranji:
Ayi tiyambe ndi Camel yomweyo poti nkhani yake tonse taidziwa tsopano.

Dalaivala_M12:
Batire ndili nalo la lole lakale koma limagwirabe. Ndikhala ndikuchokera ku Chipata, mukaona ndachedwa ndiye kuti ndi pa boda, musayambe Dunkirk ndisanafike.

AnaBanda_Nkhwazi:
Ine ndibwera ndi mtedza wokazinga. A Wometa bambo a soya aja muwaitanenso.

Wometa_Kamwendo:
Amabwera kudzameta ndevu Loweruka lililonse, ndiwauza. Aphunzitsi inu mufika bwanji, tikutumizireni njinga?

Mphunzitsi_Wopuma:
Tumizani, koma woyendetsa wake akhale wodekha, msana wanga ndi wa 1950 yakuti. Ndili ndi mbale imodzi yeniyeni yomwe ndinasunga m'sutikesi, galamafoni ndilibe koma ndibwera nayo kuti anyamata aigwire aone mizere yake.

Kabaza_paBoma:
Aphunzitsi ndikutengani ndine, 1 koloko ndili pakhomo panu.